Kukagwira ntchito ku UK: viza, banki, nyumba ya lendi ndi puloti ya kumudzi

Munthu akamakwera ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka viza itatuluka, abale operekeza amaona ngati zonse zatheka. Mwiniwakenso amaganiza choncho, mpaka atatera ku Heathrow kapena ku Manchester n'kupeza kuti mapepala a kuno ndi olumikizana ngati unyolo. A banki akufuna adiresi. Eni nyumba akufuna kuona akaunti ndi umboni wa malipiro. Abwana nawo akufuna akaunti yoti aponyemo malipirowo. Mukayambira pakati mumangozungulira ngati mbuzi ya pachingwe. Ndalemba izi motsatira mmene ndikanakondera kuti wina andiuze ndisanabwere, ndipo mawu amene muzingokumana nawo ndi awa: chilichonse chikhale m'dzina lanu, ndipo chikhale cholembedwa.

Musanagule tikiti

Yambani ndi kampani imene ikuti ikulembani ntchito. Viza ya Skilled Worker, pamodzi ndi inzake ya Health and Care Worker imene anamwino ndi madokotala amabwerera, imatsamira pa chinthu chimodzi chotchedwa Certificate of Sponsorship, chimene anthu amangoti CoS. Dzinalo lisakupusitseni. Si satifiketi ya pepala ya chidindo ayi, ndi nambala imene olemba ntchito amaitulutsa m'makina a Home Office, unduna wa UK woona za olowa m'dziko, ndipo kampani yopanda laisensi singaitulutse. Mndandanda wa makampani onse a laisensi uli pa GOV.UK, tsamba la pa intaneti la boma la UK, kuuona n'kwaulere. Ngati dzina la kampaniyo mulibemo, nkhani yathera pomwepo, kaya amene wakulumikizaniyo ndi mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo.

CoS sagulitsa. Ndalama zoitulutsira amalipira ndi olemba ntchito, ndipo lamulo siliwalola kukubwezetsani ndalamazo. Komabe madobadoba a ntchito za kunja adzaza m'magulu a pa WhatsApp, kuitanitsa mamiliyoni a kwacha kuti akupezereni malo osamalira okalamba. Dziwani kuti kuyambira pa 22 Julayi 2025 boma la UK linatseka khomo lolemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Wokugulitsani CoS ya ntchito yosamalira okalamba lero muli ku Malawi akukugulitsani mphepo. Choipa kwambiri n'chakuti akakulowetserani pepala lachinyengo mu fomu, woletsedwa kulowa m'dziko muno kwa zaka 10 ndinu, dobadoba uja ali phee akumwa tiyi ku Area 47. Anamwino adziwenso kuti Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene UK siloledwa kukasakako ogwira ntchito zachipatala, chifukwa kwathu ndi ochepa kale. Munthu payekha akhoza kufunsira ntchito mwachindunji kuchipatala chimene chalengeza malo, koma wobwera kudzakusakani kwanu m'dzina la chipatala cha kuno muyambe mwamufunsa bwino.

Tsiku lomwelo la 22 Julayi 2025 malipiro ochepetsetsa a Skilled Worker anakwera kufika £41,700 pa chaka kwa ofunsira ambiri, ndipo ntchito zambiri zololedwa tsopano ndi za mulingo wa digiri. Ntchito za m'zipatala za boma, za NHS, zimatsata ndondomeko yawoyawo ya malipiro. Chingerezi nachonso amayesa, ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, chifukwa Malawi sali m'gulu la mayiko amene anthu ake sayesedwa. Kuyambira pa 8 Januwale 2026 ofunsira koyamba akufunika mulingo wa Chingerezi wotchedwa B2. Amene digiri yawo anaiphunzira m'Chingerezi akhoza kuitumiza ku Ecctis, bungwe loona za maphunziro a kunja, kuti aitsimikize m'malo molemba mayeso.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri apa ndi masiku, chifukwa pepala lililonse lili ndi nthawi yake yothera mphamvu. Mayeso a Chingerezi lembani poyambirira, zotsatira zake zimakhala zaka 2. Kenako kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ngati ntchito yanu ndi ya chipatala, ya uphunzitsi kapena yosamalira anthu. Imafunika kuchokera ku dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposa m'zaka 10 zapitazi, ndiye amene munakhalako ku Johannesburg yambani msanga. Satifiketi ya TB imatha pa miyezi 6, ndipo imavomerezeka ikachokera ku chipatala chimene Home Office inachiika pa mndandanda wake, osati chipatala china chilichonse. CoS imatha pa miyezi 3 chitulutsireni. Pomaliza pali £1,270 imene iyenera kugona mu akaunti yanu masiku 28 otsatizana, osatsikako ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewa lisapitirire masiku 31 musanapereke fomu. Popeza ndalama zanu zili m'makwacha ndipo iwo amawerengera pa mtengo wa tsiku lopereka fomu, ikanimo zoonjezera ndithu. Njira yapafupi ndi kupempha olemba ntchito kuti alembe pa CoS kuti adzakusamalirani mwezi woyamba. Akatero, nkhani ya £1,270 yagwa.

Palinso msonkho wa zaumoyo, Immigration Health Surcharge, umene ndi £1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu ndipo amalipiriratu zaka zonse za viza. Viza ya zaka 3 ndiye kuti £3,105 nthawi imodzi, kuonjezera pa mtengo wa fomu. A Health and Care Worker salipira msonkho umenewu.

Viza ikatuluka musayembekezere kakhadi. Makhadi a chilolezo chokhala kuno, otchedwa BRP, anatha pa 31 Disembala 2024, tsopano chilolezo chanu chili pa intaneti, amati eVisa. Tsegulani akaunti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza, ndi imelo yanu ndi nambala yanu ya foni, osati ya amene anakuthandizani kulemba fomu. Ndikudziwa kuti kwathu si ulemu kuoneka ngati ukukayikira munthu amene wakuchitira chifundo, koma wosunga imeloyo ndiye wasunga viza yanu. Mukadzasintha pasipoti kalembetseni yatsopanoyo mu akaunti imeneyi musanakwere ndege iliyonse.

Sabata ziwiri zoyamba

Mukangofika gulani simukhadi ya kuno, chifukwa banki, chipatala ndi eni nyumba onse amatumiza manambala achinsinsi pa foni. Lowani mu akaunti ya UKVI n'kutulutsa share code, nambala imene ena amaonera chilolezo chanu. Ilipo ya abwana, yosonyeza kuti ndinu wololedwa kugwira ntchito, ndipo ina ndi ya eni nyumba. Iliyonse imagwira masiku 90. Onaninso ngati nambala ya National Insurance, imene boma limakudziwirani pa za misonkho, ili kale mu eVisa yanu. Ngati mulibe, funsirani pa GOV.UK, n'kwaulere, ndipo mukhoza kuyamba ntchito isanabwere.

Kenako mangani adiresi, chifukwa ndiyo mfundo imene imamasula zina zonse. Pemphani kalata ku ofesi ya kuntchito yonena dzina lanu, ntchito yanu ndi kumene mukukhala. Kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kuno amati GP. Ku England safuna umboni wa adiresi kapena wa viza kuti akulembeni, ndipo pakapita masiku kalata ya NHS imafika pakhomo ili ndi dzina lanu. Ndiye pali mwayi wina umene Amalawi ambiri saudziwa. Poti Malawi, Zambia ndi Mozambique ali mu Commonwealth, nzika zake zokhala kuno ndi chilolezo zili ndi ufulu wolembetsa m'kaundula wa mavoti. Kaya ndale za kuno zimakukhudzani kapena ayi, lembetsani, chifukwa mabanki ndi makampani angongole amayang'ana m'kaundula ameneyu potsimikiza kuti munthu alipodi ndipo amakhala pamene akunenapo.

Malipiro oyamba akabwera werengani kapepala kake. Anthu ambiri a ntchito imodzi amakhala ndi tax code, chizindikiro cha mmene akudulirani msonkho, ya 1257L, kutanthauza kuti £12,570 yoyamba pa chaka sadulapo msonkho. Mukaona BR kapena 0T pa ntchito yanu yokhayo, mwina akukudulani mopitirira. Auzeni a HMRC, bungwe lotolera misonkho, akonze, zoonjezerazo zimabwerera.

Banki

Mabanki a pa foni monga Monzo ndi Starling ndiwo ambiri amayambira, chifukwa mumangojambula chitupa ndi nkhope yanu, khadi n'kubwera pa positi. Mabanki a nthambi monga Barclays, HSBC, Lloyds ndi NatWest amafunsa zambiri, ndipo apa mpamene kalata ya kuntchito ija imagwira ntchito. Wina akakukanani pitani kwina, aliyense ali ndi mndandanda wake wa mapepala amene amalandira. Chimene ndikukuletsani ndi kulandirira malipiro mu akaunti ya achimwene kapena achemwali amene akusungani, ngakhale mwezi umodzi wokha ngati mungathe kupewa. Sikuti iwo ndi akuba. Vuto ndi lakuti mwezi umenewo simunaoneke paliponse, ndipo mawa eni nyumba kapena Home Office akadzafuna umboni wa malipiro mudzasowa chowaonetsa.

Kuno munthu wopanda mbiri ya ngongole amakayikiridwa pafupifupi ngati munthu wa mbiri yoipa, zimene kwa ife oleredwa ndi mawu oti ngongole ndi ukapolo zimamveka zachilendo. Mbiriyo amasunga ndi makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion. Mumaimanga pang'onopang'ono: foni ya kontrakiti, bilu ya magetsi ya m'dzina lanu yolipiridwa pa direct debit (banki kumadula yokha mu akaunti yanu), ndipo pakapita miyezi ingapo khadi ya ngongole yaing'ono imene mumagulira zakudya n'kubweza yonse mwezi usanathe. Musafunsire makhadi anayi sabata imodzi, kufunsira kulikonse kumasiya chizindikiro.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Tsiku lina mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito adzati, "Achimwene, akaunti yanga yavuta, ndalama zina zilowe kwa inu, mungonditumizira, mutengapo kangachepe." Kanani, ngakhale akwiye. Ndalamazo zikakhala zakuba, banki imatseka akaunti yanu n'kukulembani ku bungwe la Cifas lolimbana ndi chinyengo, ndipo dzina limakhala kumeneko mpaka zaka 6. Zaka zonsezo kutsegula akaunti kwina kumakhala kovuta, osanena za ngongole ya nyumba. Chipereganyu nachonso chiyendetseni mosamala: ndi chinthu chabwino chimene chathandiza ambiri, koma ndalama za anthu khumi zikamalowa mu akaunti ya munthu mmodzi mwezi ndi mwezi banki imafunsa, ndiye gulu likhale ndi kope la mayina ndi masiku.

Zotumiza kumudzi zidutse m'makampani ovomerezeka monga Mukuru, WorldRemit kapena Western Union, zikafikire ku banki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Poyerekeza musayang'ane ndalama yodula yokha, yang'anani makwacha amene mayi akalandire m'manja. Alipo anthu amene amakupatsani mtengo wokwera kuposa wa banki, inu kuwapatsa mapaundi kuno, mnzawo kupereka makwacha ku Lilongwe. Zimakoma mpaka tsiku limene foni yawo yasiya kulira, ndipo mulibe lisiti yopita nayo kulikonse.

Nyumba ya lendi

Ine ndinaluzapo ndalama ya dipoziti pa chipinda chimene ndinachiona pa zithunzi zokha. Munthuyo ankalankhula mwaulemu, anati anthu ena atatu akuchifuna, ndipo ine poopa kugona pabalaza la eni ake mwezi wachitatu ndinatumiza. Nditafika pa adiresiyo ndinapeza banja lina likukhalamo, silikudziwa kanthu. Choncho lamulo loyamba: osalipira musanalowe m'nyumbamo ndi mapazi anu.

Ku England lamulo la Tenant Fees Act la 2019 linaika malire. Ndalama yogwirira nyumba pamene akufufuza mapepala anu isapose lendi ya sabata imodzi. Dipoziti isapose lendi ya masabata 5 ngati lendi ya pachaka ili pansi pa £50,000. Kukuonetsani nyumba, kulemba mgwirizano, kufufuza mbiri yanu, zonsezi salipiritsa. Dipozitiyo eni nyumba sasunga m'thumba mwawo: pasanathe masiku 30 ayenera kuiika ku limodzi mwa mabungwe atatu, Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, n'kukupatsani umboni. Masiku 30 akadutsa muli chete, funsani, ndipo funsani polemba. Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, musatengere za ku England kupita nazo ku Glasgow.

Kwa zaka zambiri alendo opanda mbiri ya ngongole ankauzidwa kulipiriratu miyezi 6. Lamulo latsopano la Renters' Rights Act la 2025 likuti kuyambira pa 1 Meyi 2026 eni nyumba ku England asaitanitse lendi yolipiriratu yoposa mwezi umodzi, komanso lathetsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chifukwa. Chimene angakufunsenibe ndi guarantor, munthu wosainira kuti inu mukalephera adzalipira ndi iye. Ndi katundu wolemera kumusenzetsa munthu, ndiye wokana musamusungire chakukhosi, ndipo nanunso mukadzakhazikika muziganiza kawiri musanasainire wina.

Ambiri timayambira m'chipinda cha m'nyumba yogawana. Apa funsani funso limodzi: kodi mwini nyumba amagona momwemo? Ngati amagona momwemo ndinu lodger, dipoziti yanu siyitetezedwa ndi mabungwe aja, ndipo akhoza kukutulutsani mosavuta. Ngati amene akukulandirani nayenso ndi wa lendi, dzina lanu silili pa mgwirizano uliwonse, ndipo tsiku limene iye adzayambane ndi eni ake inu mudzapezeka panja ndi zikwama.

Tsiku lolowa jambulani chilichonse: banga la pa kapeti, mng'alu wa pa zenera, nkhungu ya kubafa, manambala a mita ya gasi ndi ya magetsi. Zithunzizo dzitumizireni pa imelo kuti tsiku lioneke. Pemphani satifiketi ya chitetezo cha gasi, imene imayenera kukhala yosapitirira miyezi 12. Ndipo lembetsani ku khonsolo za council tax, msonkho wa nyumba umene kawirikawiri wokhalamo ndiye amalipira. Wamkulu wokhala yekha amamuchotsera 25 peresenti, koma mpaka atapempha. Biluyo ndi yowawa, komabe ndi umboni wa adiresi umene palibe ofesi imaukana.

Kusunga viza

Viza yanu ndi yomangirira kwa abwana amene anatulutsa CoS. Mukafuna kusintha ntchito, kampani yatsopano itulutse CoS yake, mufunsire kusintha viza, ndipo muyambe ntchitoyo akavomera. Ganyu wapambali amaloledwa mpaka maola 20 pa sabata, koma pa mitundu ina ya ntchito yokha. Ntchito ikatha kapena kampani ikalandidwa laisensi, Home Office kawirikawiri imafupikitsa viza kufika masiku 60 kuti mupeze kwina; n'chifukwa chake ndalama ya miyezi iwiri kapena itatu iyenera kukhala kuno, osati yonse m'simenti ku Malawi. Thandizo la boma monga Universal Credit si lanu, viza imanena poyera. Amene mukuyembekeza kudzakhazikika werengani masiku amene muli kunja kwa UK, asapose 180 m'miyezi 12 iliyonse. Maliro ndi maukwati a kumudzi amadya masiku mosazindikira. Uphungu wa za viza tengani kwa loya kapena kwa munthu wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, ndipo pa za nyumba ndi ngongole a Citizens Advice ndi a Shelter amathandiza ulere.

Puloti ya kumudzi

Malipiro akangoyamba kukhazikika maganizo amathamangira kwathu: kapuloti ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena pa boma pakwanu. Apa mpamene ndalama za anthu a kunja zimathera, ndipo kawirikawiri wodya si mlendo.

Musanatumize kalikonse dziwani mtundu wa malowo. Ngati ndi a lizi, pezani loya wanuwanu, osati wa wogulitsa, akafufuze ku kaundula wa malo wa Unduna wa za Malo ngati dzina la pa chikalata ndi la wogulitsayo, ngati malowo sanapinyolitsidwe ku banki, ndiponso ngati palibe ngongole ya lendi ya nthaka kapena msonkho wa khonsolo. Wopima malo akaone zikhomo za m'malire, chifukwa puloti ya pa chithunzi ndi ya pa chikalata nthawi zina zimakhala ziwiri zosiyana. Ngati ndi malo a mafumu, kakalata ka anyakwawa ndi mboni ziwiri ndi poyambira chabe. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi njira yolembetsera malo otere, ndipo ndi bwino kuitsata. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo m'mphepete mwa mizinda yathu.

Chikalata chituluke m'dzina lanu. Mawu oti "tingolemba dzina la amalume poti inu muli kutali, mukadzabwera tidzasintha" ndi amene alekanitsa mabanja ambiri, chifukwa amalume akadzatisiya malowo amalowa m'chuma cha masiye cha ana awo. Kutali si chifukwa. Mumalemba power of attorney, kalata yopatsa wina mphamvu yosainira m'malo mwanu, kuisainira pamaso pa notary public, loya wotsimikizira zikalata, kuno, n'kuitumiza. Ilembedwe yopapatiza: kusainira kugula puloti yakutiyakuti m'dzina lanu, basi, popanda mphamvu yogulitsa kapena kukongolera. Malipiro adutse ku banki kupita kwa wogulitsa kapena kwa loya. Mabanki akuluakulu a ku Malawi ali ndi maakaunti a anthu okhala kunja, ena osungira ndalama zakunja, ndipo izi n'zofunika mukakumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama ya malata m'makwacha nthawi imeneyo anagula malata ochepa. Amene mukuganiza zodzatenga pasipoti ya UK, Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, ndiye tsatirani ndondomeko yosungira unzika wa Malawi, chifukwa kusintha kwa lamulo la malo kwa 2022 kunakhwimitsa kugula malo kwa anthu amene si nzika.

Pomanga, tumizani ndalama m'zigawo: maziko, kufika pa windo, kufika pa mtanda, denga. Chigawo chilichonse chikatha, munthu wina amene si m'bale wa woyang'anira ntchito kapena wa mmisiri apite akajambule vidiyo, ayambire kumsewu kuti muone kuti ndi puloti yanudi, alowe chipinda ndi chipinda, awerenge matumba a simenti otsala. Woyang'anirayo muzimulipira ndalama yodziwika pamwezi ngakhale ndi mng'ono wanu wa bere limodzi, ndipo malisiti a kuhadiweya azikutumizirani tsiku lomwelo logula.